Supuni ya Basela mu Mng'oma wa Adadi

Lero ndi Lachisanu, mwezi wa Juni, ndipo ndikulemba nditakhala pa sitepe ya khomo la kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Armadale, kutsidya kwa nyanja, kutali ndi kwathu ku Malawi. Ndangofika kumene kuchokera kusukulu, yunifolomu sindinavule. Mvula yakata koma kukuzizira. Pamene ndakhalapa ndikuuona mng'oma wa adadi pansi pa mtengo wa mandimu. Chikhalireni pano, njuchi zimene zatuluka pakhomo pake ndi zisanu ndi ziwiri. Masabata awiri apitawo munthu sakanatha kuziwerenga.

Ndinazipha ndine. Ndinasakaniza ndekha mankhwala amene sindinkawadziwa, n'kuwathira mumng'oma kawiri, kenako n'kunamiza adadi ali gone m'chipatala. Zimene ndimalemba m'kabuku kanga sindionetsa munthu, koma izi ndaganiza kuti zituluke. Inu owerenga, makamaka inu anzanga amanyazi amene mumaona bwino kulakwitsa nokha kusiyana ndi kutsegula pakamwa n'kufunsa, werengani mpaka kumapeto.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Amami ndi namwino, adadi amagwira ntchito yosamalira okalamba. Tinabwera kuno zaka zinayi zapitazo, ndipo chaka choyamba adadi anali munthu wa duu. Kuntchito, kunyumba, tulo, basi. Kutchalitchi kwathu kuli bambo ena a ku Zambia, a Zulu, oyendetsa basi, amene ali ndi ming'oma kumapiri kuseri kwa dera lathu. Tsiku lina anamva adadi akufotokoza kuti ali mwana ku Ntchisi ankaperekeza bambo awo kokafula uchi, iwo n'kumanyamula muuni wa udzu. Sabata yotsatira a Zulu anafika pakhomo pathu ndi mng'oma kumbuyo kwa galimoto.

Kuyambira pamenepo adadi anasintha. Njuchizo amazitchula kuti azakhali, ati chifukwa zonse ndi zazikazi, sizikhala pansi, ndipo ukazilakwira sizidikira mawa. M'mawa uliwonse amatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kuima chapatali pang'ono ndi mng'oma, n'kumati, “Mwadzuka bwanji azakhali? Ife tadzuka, kaya inu.” Amami amaseka pawindo. Loweruka akamatsegula mng'oma, ine ndi amene ndimagwira chofukizira utsi. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndi imene ndimalankhula kwambiri ndi adadi. Ukavala chipewa chokhala ndi neti kumaso, palibe amene amakuyang'anitsitsa, ndiye mawu amatuluka okha.

Kumayambiriro kwa mwezi uno adadi anavulala msana akudzutsa gogo wina amene anagwa kubafa kuntchito kwawo. Anawachita opaleshoni, ndipo madokotala anati akhala m'chipatala masabata angapo. Tsiku loyamba limene ndinakawaona, asanandifunse za sukulu anayamba ndi za azakhali. Ntchito imene anandipatsa inali yochepa. Kuvundukula chivundikiro cha pamwamba, kudzaza madzi a shuga m'kabeseni kamene njuchi zimamwera nyengo yozizira, ndi kusolola kathireyi ka pansi pa mng'oma n'kukasesa. Anamaliza ndi mawu awa: “Ukaona chachilendo, usaganize wekha. Nambala ya a Zulu ili pa fuliji. Paja safunsa anadya phula.” Ndinavomera.

Lachiwiri la sabata yatha, pa phunziro la sayansi, aphunzitsi anationetsa zithunzi za tizilombo totchedwa varowa. Ndi tinthu tofiirira tokhala ngati nkhupakupa, tating'ono ngati kamutu ka phini, timene timakakamira pa njuchi n'kumaiyamwa mpaka mng'oma wonse kutha. Anati tinalowa kale m'dziko muno, kumadera akum'mawa. Ananenanso kuti kuno kumadzulo sitinapezeke, koma ine mawu amenewo anangondidutsa. Zimene zinanditsalira m'mutu ndi zithunzi zija.

Nditafika kunyumba ndinasolola kathireyi. Panali timadontho tofiirira mbwee.

Inu owerenga, foni ndinaitenga. Ndinaima patsogolo pa fuliji, nambala ndinailemba yonse, koma chala chinakana kudina. A Zulu ndi munthu wabwino, koma mawu awo amamveka tchalitchi chonse. Akandiona amakuwa kuti, “Uyu ndiye mwana wa ba Malawi wamene sakamba! Kamba ko kamodzi chabe timveko!” Anthu amaseka, ine n'kumalakalaka pansi patang'ambika. Ndinaganiza kuti ndikawaimbira, Lamlungu aliyense akhala atamva kuti mwana wa a Phiri wasiyiridwa njuchi sabata imodzi yokha, zagwidwa kale matenda. Amami nawo anali otopa, akuchoka kuntchito n'kupita kwa adadi, kubwera maso ali psuu. Adadi sindikanawauza, chifukwa kwathu timati wodwala sauzidwa zoipa. Amami anali atandikumbutsa kale zimenezi mu sitima tikupita kuchipatala. Ndiye ndinaika foni pansi, n'kutsegula kompyuta.

Ndinaonera mavidiyo ambiri a alimi a njuchi a m'mayiko ozizira. Onse ankatchula asidi wa okisaliki, ufa woyera umene amausungunula m'madzi a shuga n'kudonthezera pakati pa zisa. Dzinalo ndinalikumbukira. M'kashedi ka adadi munali chitini cha ufa umene anatsukira matabwa a pakhonde atada. Nditawerenga pachitinipo ndinapeza dzina lomwelo, ndipo ndinasangalala ngati Mulungu wandiyankha. Sindinadzifunse ngati ufa wotsukira matabwa ndi wofanana ndi umene amapangira njuchi.

M'mavidiyo aja anthu ankayeza ufawo pa kasikelo, atavala magolovesi ndi magalasi, ndipo ankadontheza pang'onopang'ono ndi sirinji. Ndinaziona zonsezo. Koma m'nyumba mwathu mulibe sikelo. Amami amayeza ndi maso ndi dzanja, ndipo chakudya chawo sichinalakwikepo. Alinso ndi chizolowezi china chimene anatengera kwa mayi awo, amene ankagulitsa tomato mumsika ku Kawale. Akamathira shuga mu tiyi wa munthu amene amamukonda, kapena wa wodwala, amathira masupuni awiri, kenako amatapanso pang'ono n'kunena kuti, “Iyi ndi ya basela.” Ine ndakula ndikumwa tiyi wa basela. Kwa ine, kukonda munthu n'kumuonjezera.

Lachitatu nditaweruka kusukulu, ndinatenga jagi ya amami ndi supuni yaikulu. Ndinatenthetsa madzi, kuthira shuga, kenako ufa uja, masupuni amene ndinaona ngati akukwana. Fumbi lake linanditsamwitsa, ndinatsokomola mpaka misozi. Ndikuvundula, ndinaganiza za adadi ali chagada pabedi, ndi mmene adzasangalalire akadzapeza azakhali ali bwino. Ndinatapanso supuni ina yosefukira. Ndikukumbukira kuti ndinalankhula mokweza, ndili ndekha m'khitchini, kuti, “Iyi ndi ya basela, azakhali.”

Sirinji ndinalibe, choncho ndinathira ndi jagi pakati pa zisa. Kunja kunkazizira, ndipo njuchi zinanyowa. Phokoso lawo linasintha, linakwera ngati ketulo ikayandikira kuwira, koma ndinadziuza kuti mankhwala onse amawawa. Otsala ndinawathira m'kabeseni ka madzi a shuga. Magolovesi a adadi amandikulira, ndiye ndinali nditawavula. Pa chala changa panali kabala ka mpeni, ndipo kanayamba kunyereza ngati ndathirapo tsabola. Jagi ndi supuni ndinazitsuka n'kuzibwezera m'kabati, pamodzi ndi ziwiya zimene timadyera.

Loweruka m'mawa tinapita kuchipatala. Adadi anandifunsa za azakhali, ndinawayankha kuti ali bwino kwambiri, ndipo nthawi imeneyo ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo. Anandigwira dzanja n'kuuza bambo wa pabedi loyandikana nalo, m'Chingerezi, kuti uyu ndi mlimi wanga wamkulu. Titabwerako ndinasolola kathireyi. Timadontho tofiirira tinalipobe, ndipo panalinso njuchi zakufa zingapo. M'malo moti ndidzidzimuke, ndinaganiza kuti tizilombo tija ndi timene tikuzipha, ndipo mankhwala anachepa. Ndinasakanizanso ena n'kuthiranso.

Lamlungu titachoka kutchalitchi, kumene ndinabisala kumbuyo kwa amami kuti a Zulu asandione, ndinapeza njuchi zikukwawa pa udzu. Zina zinkanjenjemera mapiko, zina zinkazungulira malo amodzi. Pakhomo pa mng'oma panali mulu. Lolemba muluwo unadzaza fosholo yosesera m'nyumba kawiri. Ndinakumba kadzenje kuseri kwa mtengo wa mandimu n'kuzikwirira amami asanabwere. Njuchi yakufa ndi yopepuka kwambiri, inu. Ukanyamula zodzaza manja awiri, umangomva ngati wanyamula mankhusu.

Lachiwiri adadi anaimba foni. Anati, “Azakhali ukuwapatsa moni? Paja akapanda kulonjeredwa amakwiya.” Ndinayankha kuti eya, ndikuwalonjera, ali bwino. Limeneli ndiye linali bodza lenileni, chifukwa ndinkalankhula nditaima pawindo, ndikuyang'ana dothi limene ndinakumba dzulo lake. Iwo anaseka mosangalala, n'kundiuza kuti ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kumapeto kwa khonde la wodi, ndipo akamayenda amayerekezera kuti akupita kumng'oma.

Amene anandigwira ndi amami, Lachitatu madzulo. Ndinkasenda anyezi, iwo anangondigwira mkono n'kutembenuza chikhatho changa. Khungu la m'zala linali litayera, likusupuka, ndipo kabala kaja kanali katatupa. Anandifunsa kuti, “Wagwira chiyani?” Sanakalipe. Anafunsa ndi mawu amene amalankhulira kuntchito, ndipo ine ndinayamba kulira n'kuulula zonse.

Choyamba anandikokera kumpopi, anandiyang'ana m'maso ndi kukhosi, n'kundifunsa ngati ndikupuma bwino. Kenako anafunsa chimene ndinasakanizira. Nditaloza jagi, anakumbukira kuti m'mawa womwewo anali atasungunuliramo juwisi. Anaitenga pamodzi ndi supuni ija n'kukaziponya m'bini ya panja. Atabwerera anandifunsa muyezo umene ndinatsatira. Ndinawauza za masupuni, ndi za basela yemwe. Anagwira pakamwa, ndipo sindinadziwe ngati akufuna kuseka kapena kulira.

“Mwana wanga,” anatero, “basela ndi wa tiyi. Ine kuchipatala ndikaonjezera dontho limodzi chifukwa wodwalayo ndamukonda, ndamupha.”

Anachotsa kapepala ka nambala pa fuliji n'kundipatsa. Ndinawapempha kuti aimbe okha, anakana. Anakhala pafupi nane mpaka ndinadina. Ndinkalankhula motsitsa kwambiri moti a Zulu anandifunsa katatu kuti ndine ndani. Atamva nkhaniyo sanaseke. Anangoti ndichotse kabeseni kaja nthawi yomweyo, ndipo abwera mawa akaweruka.

Dzulo anafika atavala yunifolomu ya kubasi. Ndinkayembekezera mawu awo aakulu aja, koma pafupi ndi mng'oma amalankhula motsitsa ngati m'chipinda cha khanda. Anasolola kathireyi, anatulutsa kagalasi kokulitsira zinthu m'thumba, n'kundipatsa.

“Yangana wekha. Vili na mendo?”

Ndinayang'ana. Tinalibe miyendo. Tinali tizidutswa ta phula ndi ta ulimbo wofiirira umene njuchi zimamatira ming'alu. Anati timagwa tsiku lililonse mumng'oma uliwonse wamoyo, ndipo adadi akhala akutisesa zaka zonsezi. Kuti nditsimikize, anatapa njuchi pang'ono pakhomo pa mng'oma n'kuziika m'kabotolo kokhala ndi sefa pakamwa, anathiramo shuga wa ufa, anagubuduza, n'kukhutumulira shugayo m'mbale yoyera ya madzi. Anati shugayo amagwetsa tizilomboto ngati tilipo, koma simunagwe kachilombo ngakhale kamodzi. Njuchizo anazibwezera zili mbuu, zamoyo. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoposa yophikira tiyi. Azakhali sankadwala chilichonse. Matenda awo ndinali ine.

Kenako anandiuza chinthu chimene chinandiopsa kuposa zonse. Anati zikanakhala kuti ndi varowa weniweni, si nkhani yothira mankhwala mwakachetechete kuseri kwa nyumba. Kuno ukangokayikira, umayenera kudziwitsa a boma oona za ulimi tsiku lomwelo, chifukwa njuchi sizidziwa mpanda. Zikanatengera tizilomboto ku ming'oma ya anthu ena, mpaka kumapiri kwa iwo. Manyazi anga akanapha njuchi za anthu amene sindinawaonepo. Anatinso ngakhale kumene mankhwalawo amaloledwa, alimi amagula opangidwira njuchi, amatsatira zolembedwa pa paketi, ndipo amayeza pa sikelo, osati ndi maso.

Anayamba kutulutsa zisa chimodzichimodzi, ine nditagwira chofukizira. Choyamba chinali chopanda njuchi. Chachiwiri chimodzimodzi, ndipo ana a njuchi amene anali m'timabowo anali atada, atafa ndi kuzizira chifukwa panalibe owafungatira. Anati tikapanda kupeza mfumukazi, ndiye kuti mng'oma watha. Chisa chachitatu, chachinayi. Pachisanu panali kagulu ka njuchi kosaposa chikhatho cha adadi, zitaunjikana pamodzi. A Zulu anauzira mpweya pang'ono, zinapatukana, ndipo pakati pake panali iye, wamtali, ali ndi kadontho ka penti kamene adadi anamupaka pamsana. Ankayenda pang'onopang'ono, koma ankayenda.

“Ah, ba mayi aba ni ba Malawi zoona,” anatero a Zulu. “Bamwa poizoni na basela, bakali kuyenda.”

Ndinaseka ndikulira, neti yonse inanyowa. Koma sanandinamize. Anati sakudziwa ngati mfumukaziyo ipitirize kuikira mazira, komanso ngati kagulu kochepa choncho kangapirire mpaka maluwa a bulugamu adzayambe. Anachotsa zisa zonyowa, anati uchi wake tisadye, anachepetsa khomo la mng'oma kuti muzitentha, ndipo analonjeza kuti Lamlungu abweretsa chisa cha ana kuchokera kumapiri. Akukwera galimoto ndinawapempha, ndi mawu amene ndinawapeza movutikira, kuti asauze anthu kutchalitchi. Anandiyang'ana modabwa. Anati iwo amaseka ndi ine chifukwa amandiona ngati mwana wawo, ndipo sankadziwa kuti zimandipweteka. “Ku chalichi sinizakamba. Koma na ba daddy bako sinizabauza. Iyo ni nchito yako.”

Nkhani yotsala ndi imeneyo. Adadi akutuluka m'chipatala Lolemba. Amami akuti tidikire, afike kaye kunyumba, adye, apume, kenako tiwauze pang'onopang'ono, poti wodwala sauzidwa zoipa. Ndikuwamvetsa. Koma ine adadi ndimawadziwa. Akadzatsika galimoto sadzalowa m'nyumba. Adzazungulira ndi ndodo yawo mpaka pansi pa mandimu, n'kunena kuti mwaswera bwanji azakhali, ndipo chete amene adzawayankhe ndi amene adzawauze kuti mwana wawo anawanamiza. Lero m'mawa ndinawauza amami zimenezi. Ndi koyamba m'moyo wanga kutsutsana nawo. Pamapeto pake anati, “Chabwino. Koma ukalankhule wekha, ine ndikakhala panja.”

Inu owerenga, ngati mwasiyiridwa chamoyo kuti muchisamale, kaya ndi njuchi, nkhuku kapena mwana wa mnzanu, musachipatse mankhwala a matenda amene simunatsimikize. Mukaona chokuopsani, itanani wodziwa adzaone ndi maso ake. Ufa wa m'shedi usalowe m'khitchini, ndipo musaugwire ndi manja. Vidiyo ya munthu wa kudziko lina sidziwa nyengo ya kwanu kapena malamulo a kwanu. Ndipo inu amanyazi anzanga, foni imene ndinaiopa sabata yathunthu inatenga mphindi ziwiri zokha. Ndikanaimba Lachiwiri lija, a Zulu akanandiseka pang'ono, n'kundionetsa phula pa kagalasi, ndipo lero pansi pa mandimu pakanakhala phokoso.

Chala chikupola, amami akuchimanga m'mawa uliwonse. Njuchi yachisanu ndi chitatu yangotuluka kumene, ndipo ina yalowa itanyamula mungu wachikasu kumiyendo. A Zulu anati ndikaona zimenezo ndiwauze, chifukwa nthawi zambiri njuchi zimatuta mungu zikakhala ndi ana oti zidyetse. Ndikamaliza kulemba ndiwaimbira ndekha.

Ndatola timadontho tija pa kathireyi n'kutiika m'kabotolo kakang'ono, kuti adadi akaone chimene chinandiopsa. Mawa ndidzuka m'mawa, ndiyamba ndakalonjera azakhali otsalawo, kenako ine ndi amami tikakwera sitima. Ndikakalowa mu wodi, ndikakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, ndikaika kabotoloko m'manja mwawo, ndipo asanandifunse kuti azakhali ali bwanji, ndikayamba ndine kulankhula.